Funsani za Ndalama: salale yapakati, masheya ndi kabuku kolembamo

FUNSO: Alangizi moni. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi, salale yanga siyambiri komanso siyomvetsa chisoni, ndi yapakatikati basi. Ndikalipira lendi, thiransipoti ndi fizi ya mng'ono wanga imatsala pang'ono, mwezi wina sitsala nkomwe. Anzanga kuntchito angoti masheya masheya, wina akuti anagula chaka chatha pano ndalama yake yakwana kawiri. Nde ineyo ndiyambire pati? Kapena ndidikire kaye salale ikwere? (Mnyamata wa mu ofesi)

YANKHO: Achimwene musadikire ayi. Salale ikakwera nyumba imayamba kuoneka yaing'ono, foni imayamba kuoneka yakale, abale nawo amamva fungo, nde munthu amene samasunga akulandira zochepa kawirikawiri sasunganso akayamba kulandira zambiri. Koma masheyawo, omwe ndi timagawo ta umwini wa kampani, asakhale poyambira panu. Poyambira ndi ngongole. Ngati muli ndi ya katapila kapena zija za pa foni zomwe chiwongola dzanja chake amawerengera pa mwezi, bwezani kaye imeneyo, chifukwa ngongole ya 10 peresenti pa mwezi mukaisiya kuti izingounjikana imaposa 200 peresenti pa chaka, ndipo palibe sheya yomwe mungaidalire kuti ikupatsani zimenezo.

Mukathana ndi ngongole unjikani ndalama ya mwadzidzidzi, yoti ntchito itatha lero mungakhalire miyezi itatu, ikafika sikisi ndi bwinonso. Iyi isapite ku masheya, ikhale mu akaunti yomwe mungatapeko msanga. Anthu amaiona ngati ndalama yogona koma ndi yomwe imateteza masheyawo, poti matenda kapena maliro safunsa kuti msika uli bwanji, ndipo wopanda ndalama yapambali amakakamizika kugulitsa masheya tsiku lomwe mtengo uli pansi.

Kenako uzani banki izidula yokha kandalama tsiku lomwe salale yalowa, ija amati standing order. 10 peresenti ya salale ngati mungathe, ikakanika yambani ndi 5. Zoti ndisunga zotsala kumapeto kwa mwezi mwanena kale nokha kuti sizitsala. Tiyeni tiwerengere, ndalama yake ikhale ya dziko lililonse masamu ndi omwewo: mukamaika 10,000 mwezi uliwonse ndipo phindu likhale 10 peresenti pa chaka osatapako, pakutha zaka 10 mwaika 1.2 miliyoni koma muli ndi pafupifupi 2 miliyoni, pakutha zaka 20 mwaika 2.4 miliyoni koma muli ndi kuposa 7 miliyoni. 10 peresentiyo ndangoyerekeza, si lonjezo. Chomwe ndikufuna muone ndi choti zaka zoyambirira chomwe chikukuza thumbalo ndi ndalama yomwe inuyo mukuponyamo, phindu limadzayamba kukupitirirani patsogolo. Munthu amene ali ndi 100,000 yokha akhoza kugona mochedwa miyezi yambiri kufufuza sheya yabwino, nkupezadi phindu loonjezera la 10 peresenti, koma imeneyo ndi 10,000 basi, yofanana ndi kungoika mwezi umodzi.

Kugula kwenikweniko nkosavuta, mumatsegula akaunti kwa buloka wa layisensi, mumapereka chiphaso, iye amakugulirani pa msika wa masheya nkudula komishoni yake. Funsani komishoniyo musanagule chifukwa pa ndalama yaing'ono imaluma, mwina nkwabwino kuunjika miyezi itatu nkugula kamodzi. Za mnzanu uja sindikutsutsa, zimachitikadi, koma amene anagula sheya yomwe inatsika sayankhula pa lanchi.

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri, namwino. Ndalama yanga ndimaika ku fixed deposit chifukwa ndimaopa kuluza, koma mchemwali wanga akuti ndikuluzabe. Zoona zimenezi? Nanga ma unit trust akunenawo nchiyani?

YANKHO: Mayi, achemwali anuwo akhoza kukhala akunena zoona, zikutengera manambala awiri. Tengani chiwongola dzanja chomwe banki ikukupatsani muchiyerekeze ndi mmene mitengo ya zinthu ikukwerera pa chaka. Banki ikapereka 15 peresenti pomwe mitengo yakwera ndi 20, pa sitetimenti 100 ija yakhala 115 nde mukusangalala, koma katundu wa 100 uja pano ali pa 120, ndalama yanu yafooka ndi pafupifupi 4 peresenti, msonkho wa pa chiwongola dzanja tisanachotsenso. Pali kamasamu kena kosavuta: gawani 72 ndi peresentiyo, yankho lake ndi zaka zomwe chinthu chimatenga kuti chikwane kawiri. Phindu la 8 peresenti, zaka 9. Mitengo ikamakwera ndi 12 peresenti ndiye kuti pa zaka 6 zinthu zadula kawiri.

Sindikuti muchotse zonse ayi. Ndalama yomwe mukuifuna posachedwa, monga fizi ya chaka chamawa, ikhale komweko kapena ku ma treasury bill, omwe ndi kubwereketsa boma kwa miyezi itatu, sikisi kapena chaka. Ya zaka zisanu kupita mtsogolo ndi yomwe ingalawe masheya.

Unit trust ndi thumba lomwe anthu ambiri amasonkhamo, manijala nkumagula masheya a makampani osiyanasiyana kapena ngongole za boma, inu nkukhala ndi gawo molingana ndi zomwe mwaika. Ubwino wake ndi woti ndi kandalama kochepa mwamwaza kale m'makampani ambiri, imodzi ikagwa simugwa nayo. Choyipa chake ndi chindapusa cha pa chaka chomwe anthu sachiwerenga poti chimaoneka chaching'ono. 2 peresenti ingaoneke ngati palibe, koma ndalama yokula ndi 8 peresenti kwa zaka 30 imakwana ka 10, yokula ndi 6 peresenti sifika nka 6 komwe. Nchifukwa chake John Bogle ku America mu 1976 anayambitsa thumba lomwe silisankha masheya koma limangogula msika wonse motchipa, amati index fund, ndipo ngati komwe muli liripo ine ndimalikonda kwa munthu wotanganidwa ngati inu amene mukachoka pa nayiti mulibe mphamvu yowerenga malipoti a makampani. Musanasayine funsani zinthu zitatu: amadula zingati pa chaka, amadula zingati polowa ndi potuluka, ndipo ndalama imatenga masiku angati mukaifuna.

FUNSO: Akulu, ine ndinayamba kale. Ndili ndi masheya a makampani atatu, unit trust imodzi, ndi penshoni ya kuntchito. Chaka chinayamba ndili ndi 200,000, ndimaika 10,000 mwezi uliwonse, pano ndili ndi 350,000. Ndawerengera ndapeza kuti ndapindula 75 peresenti, eti ndalakwitsa? Komanso ndimatsegula apu ya buloka mwina kasanu pa tsiku, mkazi wanga akuti ndapenga. (Mphunzitsi)

YANKHO: Aphunzitsi, mwalakwitsadi, ndipo ili ndi funso lomwe landisangalatsa kuposa onse mwezi uno chifukwa pafupifupi aliyense amagwa pomwepa. Pa 150,000 yomwe yaonjezerekayo, 120,000 ndi thukuta lanu lomwe, mwachita kuika nokha. Phindu ndi 30,000 yokha. Ndipo simungaigawe ndi 200,000 poti ndalama ina inalowa pakati pa chaka, ya Disembala yangogwira ntchito masiku ochepa pomwe ya Januwale yagwira chaka chonse. Mwachidule tengani 200,000 muonjezere theka la zomwe mwaika, ikhala 260,000, nde 30,000 pa 260,000 ndi pakati pa 11 ndi 12 peresenti. Sizoipa ayi, koma si 75. Mukafuna nambala yeniyeni, mu Excel ndi mu Google Sheets muli fomula yotchedwa XIRR, mumalemba deti lililonse lomwe munaika ndalama, ndalamayo nkuika chizindikiro chochotsera kutsogolo kwake, mzere womaliza nkulemba deti la lero ndi mtengo wa zonse lero, yokha imakupatsani phindu la pa chaka.

Ndiye kalembedwe kake. Kaya ndi kope wamba kaya sipuredishiti zilibe kanthu, bola mukhale masamba awiri. Tsamba loyamba ndi la zochitika: deti, mwagula kapena mwagulitsa chani, masheya angati, pa mtengo wanji, komishoni zingati, ndipo dividendi, ija kampani imagawira eni masheya kuchokera pa phindu lake, ikalowa ilembeninso pamodzi ndi msonkho womwe adula. Lembani tsiku lomwelo, zoti ndidzalemba Loweruka zimathera pomwepo. Dividendiyi anthu amaiiwala kwambiri chifukwa imalowa mu akaunti ya tsiku ndi tsiku nkudyedwa osadziwika, kenako munthu nkumati sheya iyi yangoima osayenda pomwe yakhala ikumulipira chaka ndi chaka. Tsamba lachiwiri ndi la kumapeto kwa mwezi, mzere umodzi pa mwezi: zonse ndaika kuchokera pachiyambi ndi zingati, lero zonse pamodzi zili pa mtengo wanji, kusiyana kwake. Manambala awiriwa, zomwe ndaika ndi zomwe zilipo, asasakanikirane, akasakanikirana kabukuko kayamba kukunamizani ndipo bodza lake limakoma.

Mtengo womwe munagulira nawonso muziwerengera bwino mukagula kangapo. Mwagula ndi 1,000 sheya ili pa 10, mwapeza 100. Mwagulanso ndi 1,000 ili pa 20, mwapeza 50. Ambiri amati avereji ndi 15, koma ndi 2,000 kugawa ndi 150, yomwe ndi 13.33. Apa mukuonanso ubwino woika ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, ikatchipa mumatola ambiri, ikadula mumatola ochepa, osachita kulosera.

Penshoni ija ilembeninso, ndi yanu, ndipo kwa anthu ambiri apantchito ndi yomwe imakhala yaikulu kuposa zonse. Mukatero werengani kuti chilichonse ndi maperesenti angati a thumba lonse. Makampani atatu ndi ochepa, makamaka ngati onse ali mu bizinesi imodzi, mabanki atatu mwachitsanzo amadwala nthawi imodzi. Owerenga ena amene amagwira m'makampani omwe ali pa msika amve izi: kampani ya Enron itagwa mu 2001 antchito ambiri anataya ntchito ndi ndalama za ukalamba nthawi imodzi chifukwa anaziika m'masheya a kampani yomweyo. Kamodzi pa chaka onani ngati china chakula mopitirira, ndipo m'malo mogulitsa nkulipira komishoni, ingolozani ndalama zatsopano kwa chomwe chatsalira.

Za kasanu pa tsikuzo, akazi anu sakunama kwenikweni. Mbewu siifukulidwa m'mawa uliwonse kuti tione ngati yamera. Vuto la kuyang'anitsitsa ndi loti tsiku lomwe muone zofiira, zosonyeza kuti mitengo yatsika, chala chimayabwa, mumagulitsa, komishoni, mawa yakwera mukugulanso, komishoni ina. Ndipo zofiirazo zidzabwera, konzekani. Msika wa ku America, ukayezedwa ndi S&P 500, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu 500 a kumeneko, unatsika kupitirira theka pakati pa Okutobala 2007 ndi Malichi 2009, nkudzabwerera pomwe unali mu 2013. Mu 2020 unagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pa mwezi umodzi wokha nkubwerera chaka chomwecho. Koma ndisakupusitseni kuti nthawi zonse umabwerera msanga, Nikkei, muyeso wa msika wa masheya wa ku Japan, inafika pamwamba mu Disembala 1989 ndipo inadzapitirira pamenepo mu 2024, zaka 34. Kumbukiraninso kuti chotsika ndi 50 peresenti chimafunika kukwera ndi 100 kuti chingofika pakale. Nchifukwa chake timati mwazani, ndipo ndalama ya fizi isalowemo. Apuyo ichotseni pa sikirini yoyamba ya foni, muziitsegula tsiku la salale polemba mzere wa mwezi uja, ndipo akazi anu adziwe komwe kabukuko kamakhala ndi dzina la buloka, chifukwa masheya ndi madividendi ambiri amangokhala osatengedwa eni ake akamwalira banja lisakudziwa.

FUNSO: Pa gulupu ya WhatsApp pali bambo wina akupereka 30 peresenti pa mwezi, anzanga awiri alandira kale kawiri. Ndilowe? Ndikufuna kutenga loni ya kuntchito. (Mtsikana wongoyamba ntchito)

YANKHO: Achemwali musalowe, loniyo musatengenso. 30 peresenti pa mwezi ndiye kuti 100,000 ikhala kuposa 2.3 miliyoni pa chaka chimodzi, nde munthu wodziwa kupanga zimenezo akufuniranji kandalama kanu, bwanji osangobwereka ku banki nkulemera yekha? Anzanuwo alandiradi, sakunama, koma alandira ndalama za omwe analowa pambuyo pawo, ndipo yanu ndi yomwe idzawalipire ulendo wachitatu. Charles Ponzi anachita zomwezi ku Boston mu 1920 polonjeza 50 peresenti pa masiku 45, oyambirira ankalandira bwinobwino mpaka olowa atachepa. Bernard Madoff anayendetsa zake zaka zambiri, akunamiza ngakhale anthu ophunzira za ndalama, mpaka anamangidwa mu Disembala 2008. Afunseni bambowo nambala ya layisensi yawo, mukaifufuze nokha ku bungwe loyang'anira za ndalama m'dziko lanu, osati pa satifiketi yomwe atumize pa gulupupo. Anzanu awiriwo auzeni ayese kutapa ndalama yawo yonse sabata ino, osati phindu lokha, aone zifukwa zomwe apatsidwe.