Funsani Wamadayisi: Kodi kabuluzi kangaka ndikataye?

FUNSO

Akulu, ndine mtsikana wa zaka 19 ndipo ndimakhala ku Nkhotakota, chakufupi ndi pa boma. Achimwene anga atabwera ku holide anatiphunzitsa Dungeons & Dragons, masewera a nthano oponya madayisi amene aliyense amasewera ngati mtengambali wake, moti pano timasewera Loweruka lililonse, anthu asanu. Tsiku lopanga atengambali ine ndinachedwa kuchigayo, pofika ndinapeza anyamata atatenga kale zimphona za malupanga. Ine anangondiponyera pepala la kobold, ntchito yake rogue (wozemba ndi wobaya mobisa). Strength (nyonga) ndi 6, ma HP (mapointi a moyo) ndi 8 basi, komanso akuti kakakhala padzuwa sikaona bwino. Anzangawo ayamba kunditchula Buluzi mpaka kumsika. Kodi ndingokalowetsa m'kamwa mwa chilombo kafe, kuti ndipange wina wamphamvu?

Wokhumudwa, Nkhotakota

YANKHO

Chemwali, musakaphe. Anyamatawo anangoona 6 uja n'kuyamba kuseka, pepalalo sanaliwerenge mpaka pansi.

Zimene mwaonazo n'zoona, sindikunamizani. Kobold ndi kanthu kosafika mita imodzi kutalika, ka mamba ndi mchira, kokhala m'mauna ndi m'migodi, komadzitama kuti ndi kachibale ka zinjoka zikuluzikulu zolavula moto zija. M'buku la zilombo la 2014 kali ndi ma HP 5 okha, ndipo kuyambira kalekale ntchito yake inali yoti osewera atsopano aziphunzirirapo kumenya. Lamulo limati mtengambali amasenza mapaundi 15 pa pointi iliyonse ya Strength. Wanuyo ndiye kuti mapaundi 90, pafupifupi makilogalamu 41. Ngati thumba limene munapita nalo kuchigayo linali la 50, kabuluzi kanu sikakanafika nalo. Orc mmodzi, chilombo chankhondo chooneka ngati munthu, akakatema ndi nkhwangwa yake, imene kawirikawiri imachotsa ma HP 9, kagwa pomwepo.

Tsono tatsikani m'munsi mwa pepalalo. Mwatchula za dzuwa, choncho kobold wanu ndi wa m'buku la Volo's Guide to Monsters la 2016, ndipo pansipo pali mawu awiri akuti Pack Tactics. Tanthauzo lake ndi ili: mnzanu akangoima pafupi ndi mdani amene mukufuna kumenya, osapitirira mafiti 5, inu mumaponya dayisi ya mbali 20 kawiri n'kutenga nambala yaikulu. Zimenezi zimatchedwa advantage. Tiyerekeze kuti mukufunika 11 kapena kuposa apo kuti mulase. Chimphona cha mnzanu chikaponya kamodzi, pa maulendo 100 chilasa 50. Inu mulasa 75. Mwayi wopeza 20 yeniyeni, imene imawirikiza madayisi a bala, kwa iye ndi 5 pa 100, kwa inu ndi pafupifupi 10. Ena amawononga matsenga kapena kubisala kaye kuti apeze advantage kamodzi. Inu mumaipeza ulele pafupifupi ulendo uliwonse, bola mnzanu wathamangira kutsogolo, ndipo anyamata a malupanga sachita kuuzidwa kuti athamangire kutsogolo.

Mwayi winanso ndi wakuti ndinu rogue. Mpeni, uta ndi legeni zimayendera Dexterity (changu cha thupi), Strength siwerengedwa m'pang'ono pomwe, ndipo kobold wa 2016 amawonjezeredwa 2 pa Dexterity. Sneak Attack, luso la rogue lobaya mdani modzidzimutsa, imaikanso dayisi ina ya mbali 6 pamwamba pa madayisi a bala. Za dzuwazo zisakuopseni. Padzuwa mumakhala ndi disadvantage (kuponya kawiri n'kutenga nambala yaing'ono), inde, koma lamulo limati ikakumana ndi advantage zimafafanizana. Mnzanu akaima pafupi ndi mdani masana, mumangoponya kamodzi ngati wina aliyense, ndipo Sneak Attack imagwirabe. Kukada kapena mukalowa m'phanga mumaona mpaka mafiti 60, pafupifupi mamita 18, pamene munthu wamba akupapasa khoma.

Masamu ndi amenewo. Koma chimene ndimakakondera kanthuka n'china.

Kuno ku Salima timasewera pakhonde la mnzanga wina cha ku Kamuzu Road, madzulo kukayamba kuzizirirako, chifukwa masana mwezi wa October ngakhale pensulo imaterera m'manja. Gulu lathu ndi namwino mmodzi, mnyamata wa kabaza, aphunzitsi awiri ndi ine. Kwa zaka ziwiri ndinkasewera wankhondo wa Strength 18. Tikafika pachitseko ndinkathyola. Tikakumana ndi mlonda ndinkamenya. Nthawi yanga ikakwana ndinkanena mawu amodzimodzi, "ndikutema," kenako n'kubwerera pa foni kudikira kuti izungulirenso. Wankhondoyo atafera mumtsinje chifukwa cha kulemera kwa zovala zake zachitsulo, ndinapanga kobold mwanthabwala chabe n'kumutcha Kambuzi, poti tsabola uja ndi wamng'ono koma sumuiwala.

Tsiku loyamba lenilenilo tinafika pa mlatho umene pankalondera chimphona cholipiritsa odutsa, ife tilibe ndi khobidi lomwe. Pa pepala lanupo mupezanso mawu akuti Grovel, Cower, and Beg. Kobold amadzigwetsa pansi, kulira ndi kupempha chifundo, ndipo adani amene ali mkati mwa mafiti 10 akamuyang'ana, anzake onse amapeza advantage powamenya. Imagwira kamodzi, kenako mpaka gulu lipumule. DM wathu (woyendetsa masewera ndi nkhani yake), mayi wophunzitsa Chichewa amene salola zachidule, anati sakuvomera kuti ndingotchula dzina la lamulolo, ndichite. Ndinagwada pamkeka, bambo wa ndevu zanga, n'kuyamba kuomba m'manja: "Pepani bwana, ndagwira mwendo wanu, ndili ndi ana khumi ndi awiri, onse akadali mazira, mukandidya mungodetsa mano, mnofu mulibe muno." Mayi a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, kuganiza kuti kwabwera angongole. Namwino anaseka mpaka anagubuduza botolo la thobwa pa mapu. Chimphonacho chinagwa ulendo womwewo, ine ndisanakhudze mpeni.

Kuchokera tsiku limenelo foni inasiya kutuluka m'thumba. Munthu wa ma HP 8 salowa m'chipinda asanafunse. Denga ndi la chiyani? Chitseko chimatsegukira mbali iti? Kodi ngalande ija ndingakwanemo? Mafuta a nyale atsala ochuluka bwanji? DM aliyense amasangalala ndi wosewera wofunsa zoterezi, chifukwa anachezera usiku kujambula phanga lija ndipo amafuna wina alione. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ine Kambuzi anandiphunzitsa nyimbo zimene wankhondo wanga uja sakanaziphunzira, poti sizinkamufunika. Ndinayamba kuyenda ndi chingwe, misomali, ufa wowaza pansi kuti tione mapazi a chinthu chosaoneka, ndi kathumba ka tsabola. Aliyense amene anakulira kumudzi n'kutcherapo diwa, kapena kufukiza utsi kuuna wa mbewa atatseka mbuli zonse, amadziwa kale kusewera kobold. M'nkhani za masewerawa tinthuti timatchuka ndi misampha basi.

Pali nkhani ina yotchuka pakati pa osewera akale. Mu 1987, m'magazini ya Dragon nambala 127, mkonzi wake Roger Moore analemba za DM wina dzina lake Tucker, amene ankasewera naye ali msilikali ku Fort Bragg, m'chigawo cha North Carolina. Ma kobold a Tucker anali wamba, a ma HP osapitirira 4. Koma ankatseka zitseko kumbuyo kwa osewera, kuyatsa moto m'njira, kulasa mivi kudzera m'timabowo ta m'makoma n'kuthawira m'tinjira timene munthu wamkulu sangakwanemo. Osewera a ma level apamwamba ankathamanga kudutsa dera la ma kobold, abulu ndi antchito awo akutsalira m'mbuyo, kuti akafike msanga pansi pamene panali ziwanda zikuluzikulu, poti ziwandazo ankati n'zosavuta. Mpaka lero osewera akati "ma kobold a Tucker" amatanthauza adani ofooka amene amakuzunza ndi nzeru. Ife sitifunika kupita ku America kuti timvetse zimenezi. Amene anamvapo "padangokhala" n'kuyankha "tili tonse" akudziwa kuti pa Kalulu ndi Njovu, womvetsa chisoni pamapeto amakhala ndani.

Ndingopatukako pang'ono. Dzina lakuti kobold silinayambe ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson pamene anatulutsa masewerawa mu 1974. Ndi la m'nthano za ku Germany, kamzimu ka m'nyumba ndi m'migodi. Anthu okumba migodi akapeza mwala wooneka ngati wa siliva koma wongotulutsa utsi wa poizoni pousungunula, ankati ndi ntchito ya kobold, ndipo ndi mmene chitsulo cha cobalt chinapezera dzina. Choncho anzanuwo akamakusekani pa WhatsApp, batire ya foni imene agwirayo mwina muli mbale wanu.

Tsono machenjezo, chifukwa ndaonapo anthu akukaononga kanthuka. Tinali ndi mnyamata wina amene atamva kuti kobold ndi wamantha ndi wakuba, anayamba kuthawa nkhondo iliyonse ndi kusolola ndalama m'matumba a anzake a m'gulu, akafunsidwa ankati ndi khalidwe la mtengambali wake. Masabata atatu okha, anthu anayamba kupeza zifukwa zosabwerera. Mphamvu zonse za kobold zimadalira mnzake amene waima pafupi ndi mdani. Ukamukwiyitsa mnzakoyo watsala ndi 6 uja basi. Mantha muwaonetse pakamwa, koma legeni izigwirabe ntchito. Kambuzi ankalira mokweza kuposa aliyense, koma mtengambali wa namwino atagwa ndi iye amene anakwawa pansi pa miyendo ya adani kukam'mwetsa mankhwala.

China, musaime kutsogolo ngakhale akunyengerereni bwanji. Level yoyamba ndiyo yoopsa. Mukangofika pa ma XP 300 (mapointi amene mumapeza mukagonjetsa adani) n'kulowa level 2, rogue amapeza Cunning Action, yomwe imakulolani kumenya kenako n'kubisala kapena kuchoka pafupi ndi mdani ulendo womwewo. Kufikira pamenepo khalani kumbuyo kwa chimphona chachikulu kwambiri pa mkekapo ndipo muzichiyamikira pafupipafupi. Zida zolemera zija, monga chilupanga chogwira ndi manja awiri, zisiyeni, chifukwa mtengambali wamng'ono amaponya ndi disadvantage akazinyamula. Koma kuchepako kuli ndi phindu lake: mukhoza kukwera galu wamkulu ngati bulu. Ine ndinagula wanga pa level 3, ndipo gulu linkadandaula za galuyo kuposa za ine.

Achimwene anuwo akhoza kukuuzani kuti kobold anasinthidwa. N'zoona. M'buku la Monsters of the Multiverse la 2022, kampani ya Wizards of the Coast inachotsa vuto la dzuwa, Pack Tactics ndi kugwada kuja, n'kuikapo mfuu yotchedwa Draconic Cry, imene imapatsa gulu advantage kangapo patsiku. Kuchotsera 2 pa Strength kunali kutasiyidwa kale. Ambiri amati watsopanoyo ndi wolongosoka, ndipo pa masamu sindingatsutse. Ine ndimakondabe wakale, wa zilema zake, chifukwa ndi amene anandigwaditsa pamkeka. Kambiranani ndi DM wanu kuti mutsata buku liti, musadzakangane nkhondo ili mkati.

Dzina la Buluzi lilandireni, mulilembe pamwamba pa pepalalo ndi bolopeni. Ndikanakhala ine ndikanawonjezera kuti kabuluziko kamakhulupirira ndi mtima wonse kuti agogo ake ndi Napolo, ndipo kakakula kadzagumula phiri. Mukasewera maulendo anayi mudzandilemberenso, mundiuze kuti pamene gulu linatsekeredwa m'chipinda chopanda zenera anayang'ana kwa ndani.

FUNSO

Akulu, ife ku Senga Bay tili ndi malamulo pa foni koma madayisi tilibe. Amene tinapeza pa sitolo ndi a ludo okha. Titani?

Mnyamata wa kunyanja, Salima

YANKHO

Mphwanga, a ludowo asungeni, ndiwo a mbali 6 ndipo mudzawafuna kwambiri. Pa enawo, pa foni pali ma app aulere oponya madayisi, koma foni ikatha moto masewera aima, ndiye chitani zimene ife tinkachita poyamba. Tolani zitsekerero za mabotolo 20 zofanana, mulembe mkati manambala kuyambira 1 mpaka 20 ndi maka, muike m'chitini chakuya kapena m'chipewa. Wosewera azipisa dzanja akuyang'ana kumbali. Pa dayisi ya mbali 8 kapena 12 konzani kachitini kena, poti kusankhula zitsekerero nkhondo ili mkati kumachedwetsa.

Chimodzi chokha musaiwale: pa advantage, mukatola koyamba bwezerani chitsekererocho, mukhutchumule, kenako mutolenso. Mukatola ziwiri nthawi imodzi masamu amasintha, chifukwa nambala imodzi singatuluke kawiri. Ndipo muziyang'anitsitsa amene akusunga chitini. Ife tinapeza kuti chitsekerero cha 20 chinali chopindika pang'ono m'mphepete, ndipo mnyamata wa kabaza ankachizindikira ndi chala.