Kanyumba kaja ka pachilumba nkoona, koma nkhani yeniyeni ili pa chilumba chinacho

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mangochi, dzina sinditchula. Akuti pa gulupu yawo ya WhatsApp pakuzungulira chithunzi cha kanyumba koyera kali kokhakokha pakati pa chilumba chobiriwira, mbali zonse nyanja, ndipo wotumizayo analemba kuti ndi ku Iceland, ati mkulu wina wachuma anamanga kuti athawe anthu. Nde akufunsa kuti kodi nzoona? Ndipo ngati zilumba zimenezo zilidi mapiri ophulika moto monga anamvera, anthu amakhalirapo chani? Iwo Iceland amangoidziwa pa zikwangwani za mapulojekiti a zipatala, masukulu ndi madzi kwawoko, paja dziko limenelo lakhala likugwira ntchito ku Mangochi kuyambira 1989.

Achimwene, chithunzicho si chopanga pa kompyuta ayi, kanyumbako kalipodi. Chilumbacho ndi Elliðaey. Koma za mkulu wachumazo ndi bodza la pa intaneti basi, chimodzimodzi lina lija loti boma linapereka chilumbacho kwa woimba Björk. Ndi kanyumba ka kalabu ya alenje, anamanga mu 1953 kuti azigonamo akapita kokagwira mbalame za kunyanja zomwe amati puffin, palibe amene amakhalamo chaka chonse. Funso loyamba latha pamenepo. Lachiwirilo ndi lomwe lili ndi nyama.

Elliðaey ndi chimodzi mwa zilumba pafupifupi 15 zomwe zonse pamodzi amazitcha Vestmannaeyjar, kumwera kwa Iceland, osawerengera timiyala tambirimbiri tongotumphuka m'madzi. Zonsezo zili pansi pa khonsolo imodzi koma anthu amakhala pa chimodzi chokha, Heimaey, ndipo alipo 4,000 ndi kanthu. Kukula kwake masikweya kilomita 13.4, kutanthauza kuti Likoma wathuyu ndi wamkulupo. Zilumba zonsezi zinachita kutuluka pansi pa nyanja ndi moto, chifukwa Iceland inakhala pamng'alu pomwe zigawo ziwiri zikuluzikulu za nthaka ya dziko lapansi zikutalikirana pang'onopang'ono, nde miyala yosungunuka ya pansi ija imapeza potulukira. Pa Heimaey palibe mtsinje olo umodzi. Kale ankadalira madzi amvula a padenga mpaka mu 1968 pomwe anayala paipi pansi pa nyanja kuchokera kumtunda. Mitengo ndi yowerengeka. Mphepo ndiye musanene, kumapeto kwa chilumbachi kuli malo otchedwa Stórhöfði komwe mu 1991 anayeza mphepo yothamanga mamita 61 pa sekondi imodzi, ndiye kuti makilomita pafupifupi 220 pa ola. Kupitako mumakwera sitima yotchedwa Herjólfur, mphindi 40 sizikwana mukanyamukira pa Landeyjahöfn, koma mafunde akakula kapena mchenga ukadzadza padokopo sitimayo imazungulira ku Þorlákshöfn, ulendo wa maola pafupifupi 3 anthu akusanza.

Nanga malo otere amakakamirapo chani? Nsomba, achimwene. Inu a kunyanja simungavutike kumvetsa. Gombe la kumwera kwa Iceland ndi mchenga wokhawokha ndi mafunde oopsa, malo abwino okocheza boti ndi osowa, pomwe Heimaey ili ndi doko lachilengedwe lobisika kuseri kwa matanthwe, ndipo madzi ozungulira pamenepo ndi ena mwa olemera nsomba kwambiri m'dziko lonselo. Tauni yonseyo ilipo chifukwa cha dokolo. Mukagwira mfundo imeneyi, zomwe anachita mu 1973 simuziona ngati misala.

Usiku wa pa 23 Januwale 1973, itatsala pang'ono kukwana 2 koloko anthu ali mtulo, nthaka inang'ambika chakum'mawa kwa tauni, pafupi penipeni ndi nyumba zomalizira, mng'aluwo unatalika kufika makilomita pafupifupi 2 ukulavula moto m'mwamba. Panalibe yemwe amayembekezera, phiri lakale lomwe lili pamenepo, Helgafell, linali litagona zaka masauzande. Pachilumbapo panali anthu pafupifupi 5,300. Tsono mwayi wake imvani: dzulo lake kunali namondwe, nde maboti onse a asodzi sanapite panyanja, anali padoko. Anthu anangodzutsana, kuvala zomwe apeza, kuthamangira kudoko, ndipo pomwe kumacha pafupifupi onse anali atachoka kulowera ku Þorlákshöfn, okalamba ndi odwala anawanyamula pandege. Usiku umenewo sanafe munthu. Kukanakhala kuti dzulo lake kunacha bwino maboti ali kutali kokawedza, bwenzi tikukamba nkhani ina.

Anatsalira ndi anthu mazana ochepa opulumutsa katundu ndi kukokola phulusa pamadenga, chifukwa phulusa lakudalo limagwa ngati mvula ndipo likaunjikana denga limangoti phwa. Nyumba zina zinapsa, zina zinakwiririka mpaka kungotsala tchumuni, zonse pamodzi pafupifupi 400 zinapita. Koma chomwe chinawasowetsa tulo sichinali nyumba ayi, chinali chiphalaphala cha moto chomwe chinayamba kuyenderera chakumene kuli khomo la doko. Likanatsekeka khomo limenelo basi tauni yatha, olo nyumba zonse zikanapulumuka.

Apa ndi pomwe wasayansi wina, Þorbjörn Sigurgeirsson, anabwera ndi maganizo omwe poyamba amamveka ngati nthabwala, oti tiyeni tizithira madzi a m'nyanja pa chiphalaphalacho kuti kutsogolo kwake kuume kusanduke khoma. Tangoganizani, phiri likuphulika inu mwagwira paipi. Anayamba ndi mapaipi a ozimitsa moto, ataona kuti zikusinthako anabweretsa sitima yokumba mchenga yokhala ndi pampu yaikulu, kenako mapampu ena amphamvu anachokera ku America, amuna nkumayala mapaipi pamwamba pa chiphalaphala choti pansi pake chikuyendabe, nsapato zikupserera, nthunzi ili tolotolo osaonana. Anapopa madzi matani pafupifupi 6 miliyoni. Pa 3 Julayi 1973 analengeza kuti kuphulika kwatha, ndipo doko linali lotsegukabe. Chodabwitsa nchoti linakhala labwino kuposa kale, chifukwa mwala watsopanowo unasanduka chotchinga mafunde ochokera kum'mawa. Akatswiri amatsutsanabe kuti madziwo anathandiza kufika pati ndipo mwayi unathandiza kufika pati, ine ndimaona kuti zonse ziwiri zinalipo, koma anthu ongokhala manja lende sakanadziwa nkomwe.

Pamalopo panatsala phiri latsopano, Eldfell, lotalika mamita 200 ndi kanthu, ndipo chilumba chinakula ndi masikweya kilomita oposa 2. Anthu ambiri anabwerera, ena ndithu sanafunenso. Obwererawo anafukula tauni yawo m'phulusa, kenako nkuyala mapaipi m'mwala wotenthawo kumatenthetsera nyumba zawo kwa zaka zoposa 10, moto womwewo unawaotchera nyumba. Pano kuli nyumba yosungiramo mbiri yotchedwa Eldheimar, anaitsegula mu 2014, anaimanga mozungulira nyumba ina yomwe anaifukula patatha zaka pafupifupi 40 katundu ali momwemo.

Paja zaka 10 izi zisanachitike anthu omwewa anaonerera chilumba chikubadwa. Pa 14 Novembala 1963 asodzi anaona utsi panyanja nkumayesa boti ikupsa, osadziwa ndi phiri likutuluka m'madzi. Linaphulika mpaka 1967 ndipo chilumbacho ndi Surtsey, chomwe UNESCO inachiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2008. Kumeneko saloleza munthu wamba, amapitako ndi asayansi okha kukaona momwe zomera, tizilombo ndi mbalame zimafikira pa nthaka yoti sipanakhalepo chamoyo. Mafunde akuchidya, pano chatsala pafupifupi theka.

Tsono chomwe ndimafuna mumve ndi ichi. Pa miyezi yonse ija ya 1973 anafa munthu mmodzi yekha, ndi mpweya woipa womwe umadikha m'malo otsika. Mukayang'ana mbiri ya chilumbachi phiri la moto silinakhalepo mdani wamkulu.

Dzina lenilenilo la Vestmannaeyjar linayamba ndi magazi. Mabuku akale a ku Iceland amati cha m'ma 870 akapolo ochokera ku Ireland anapha mbuye wawo Hjörleifur nkuthawira pa zilumbazi, mbale wake Ingólfur Arnarson anawalondola nkuwapha onse, ndipo poti anthu a ku Ireland ankatchedwa amuna a kumadzulo dzina linakhala lomwelo, kutanthauza zilumba za amuna a kumadzulo. Kenako mu Julayi 1627 kunafika zombo za achifwamba apanyanja kuchokera ku Algiers, kumpoto kwa Africa kuno. Anapha anthu oposa 30, kuotcha tchalitchi, nkutenga anthu 242 kukawagulitsa ukapolo, pafupifupi theka la anthu onse a pachilumbapo. Eya, azungu kugulitsidwa pamsika ku Africa, zinachitikadi. Abusa ena omwe anatengedwa nawo, Ólafur Egilsson, achifwambawo anawamasula kuti akapemphe ndalama za dipo kwa mfumu ya ku Denmark yomwe inkalamuliranso Iceland, akazi awo ndi ana nkutsala komweko, ndipo zomwe analemba za ulendo wawo zilipo mpaka lero. Anabwerera ndi ochepa okha patatha zaka pafupifupi 10. Mmodzi mwa iwo anali mayi Guðríður Símonardóttir, ndipo ali ku Copenhagen panjira yobwerera kwawo anawapatsa mnyamata wa sukulu ya ubusa kuti awakumbutse chikhristu, iye wamng'ono kwa mayiwo ndi zaka 16, mapeto ake anakwatirana. Mnyamatayo ndi Hallgrímur Pétursson, mlakatuli wa nyimbo za mutchalitchi yemwe tchalitchi chachitali chija cha mu Reykjavík chinatengera dzina lake.

Koma choopsa kuposa achifwamba chinali kafumbata. M'zaka za m'ma 1700 mpaka chapakati pa 1800 ana 6 kapena 7 pa 10 alionse obadwa pa Heimaey ankafa asanathe masabata awiri, nsagwada zitauma. Mayi kubereka kangapo konse osalera olo mmodzi. Mu 1847 kunabwera dokotala wa ku Denmark, Peter Schleisner, anatsegula nyumba yochiliramo amayi, nkulimbikira za ukhondo komanso kupaka mafuta a mtengo wotchedwa copaiba pamchombo wa khanda, akugwira ntchito ndi mzamba wa konko Sólveig Pálsdóttir, ndipo imfazo zinatsika kwambiri. Nthawi imeneyo nkuti za majeremusi zisanadziwike. Kwa ine awiriwa ndi amene amayenera kutchuka kuposa onse, koma mbiri imakonda moto ndi mfuti.

Nyanja nayo yadya amuna a pachilumbachi osawerengeka, nchifukwa chake dzina la Guðlaugur Friðþórsson aliyense kumeneko amalidziwa. Usiku wa pa 11 Malichi 1984 boti yomwe amagwiramo ntchito inagubuduzika kum'mawa kwa Heimaey, anzake 4 anafa. Iye anasambira makilomita pafupifupi 6 kwa maola 5 kapena 6 m'madzi ozizira madigiri 5, madzi oti munthu wamba samatha ola limodzi ali moyo. Atafika kumtunda anapeza ndi thanthwe losakwereka, anabwereranso m'madzi kukafuna potulukira pena, kenako kuyenda wopanda nsapato pamiyala yakuthwa ya chiphalaphala cha 1973 chija mpaka kukagogoda pakhomo la munthu mbandakucha. Madokotala anakamuyeza mpaka ku London nkupeza kuti mafuta a pansi pa khungu lake ndi ochindikala modabwitsa. Mpaka pano pachilumbapo chaka ndi chaka amachita mwambo wosambira mtunda womwewo mu swimming pool pokumbukira.

Okonda mpira, mukukumbuka Iceland itachotsa England 2-1 ku Euro 2016? Mmodzi mwa makochi awiri a timuyo, Heimir Hallgrímsson, ndi mwana wa pa Heimaey, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi dokotala wa mano, ankazula mano anthu a pachilumbapo. Ndi yemweyo anaitengera Iceland ku World Cup ya 2018 komwe anafanana mphamvu ndi Argentina 1-1 Messi ataphonya penate, kenako anakaphunzitsa Jamaica, mu 2024 nkutengedwa ndi Ireland. Ásgeir Sigurvinsson yemwe anatenga ligi ya ku Germany ndi Stuttgart mu 1984 ndi wa konko, Margrét Lára Viðarsdóttir yemwe anamwetsa zigoli 79 mu timu ya dziko ya amayi nayenso ndi wa konko. Ka tauni ka anthu 4,000 eti. Timu yawo ndi ÍBV, ndipo mu 2013 goloboyi wakale wa England David James anakasewerako.

Wina wotchuka sanali munthu. Namgumi Keiko wa mufilimu ya Free Willy anamubweretsa pa ndege ya asilikali a America mu 1998 nkumuika mu khola la m'madzi pa Klettsvík, pakhomo penipeni pa doko lija, kuti aphunzirenso moyo wa m'nyanja. Mu 2002 anasambira mpaka ku Norway komwe anakafera mu 2003, akufunafunabe anthu.

Za mbalame zija ndisaiwale. Ma puffin amaswana pa zilumbazi mochuluka kuposa kwina kulikonse padziko, amakumba una m'maphedi a udzu. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala anapiye ake amatuluka usiku kuti apite kunyanja, koma magetsi a mutauni amawasokoneza nde amagwera m'misewu, m'makonde, pansi pa magalimoto. Nyengo imeneyo ana a pa Heimaey amaloledwa kugona mochedwa, amayendayenda ndi matochi ndi makatoni kutola anapiyewo amphaka asanawapeze, kugona nawo kunyumba, mmawa kukawayezetsa sikelo kenako kukawaponya m'mwamba kuchokera paphedi kuti aulukire kunyanja. Makolo awo ndi omwe aja ankadya mbalame zomwezi, koma chiwerengero chitayamba kutsika chifukwa cha kuchepa kwa tinsomba tomwe zimadyetsa ana, khonsolo inachepetsa masiku osaka kufika ochepa kwambiri pachaka, zaka zina kuletseratu.