Atkinson Yogona Pafamu: Muigule Kapena Muisiye?

Achimwene ena, Amalawi anzathu amene amayendetsa mathiraki ku England, atilembera pa imelo. Akuti anapita kukaona chionetsero cha malole akale ku Gaydon, ndipo anadabwa kuona azibambo aimvi ataunjikana pa lole imodzi nthawi yaitali, akutchula mayina a makampani amene anatha kalekale. Iwowo malolewo anawakumbutsa ma Bedford amene ankatuta chimanga ndi fodya kumudzi. Tsopano apeza lole ya Atkinson Borderer ya injini ya Gardner imene yagona pafamu ina zaka zambiri. Akufuna kudziwa kumene chikondi cha malole amenewa chimachokera, komanso zimene ayenera kuyang'ana asanatulutse ndalama.

Achimwene, tiyambe ndi funso loyambalo, chifukwa ndi limene likuuzeni chimene mukugula kwenikweni.

Mu 1948 boma la Britain linatenga makampani ambiri onyamula katundu maulendo aatali n'kuwaphatikiza kukhala British Road Services. Lamulo la 1953 litatsegulanso msika, mabanja ambiri anabwerera pamsewu, banja lililonse ndi mitundu yake ya penti. Lole inkalembedwa pamanja ndi burashi: dzina la banja, tawuni yawo, nambala ya foni. A Robson a ku Carlisle ankapatsa lole iliyonse dzina loyamba ndi Border. A Pollock a ku Musselburgh ankajambula pa malole awo mizere ya nsalu ya tartan ya kwawo ku Scotland. A Sutton a ku St Helens ankadziwika ndi ma Atkinson, pamene akatundu olemera mopitirira muyezo, monga matiransifoma amagetsi, anali a Pickfords ndi a Wynns a ku Newport. Eddie Stobart anadzatchuka pambuyo pake ndi malole obiriwira a mayina a akazi. Munthu woima m'mbali mwa msewu ankadziwa tawuni imene lole ikuchokera isanamufike n'komwe. Zimenezi ndi zimene azibambo aja amazisowa, makamaka lero pamene malole ambiri ndi oyera mbee, ofanana onse.

Koma ntchitoyo sinali yofewa ayi. Mpaka 1957 lole yaikulu sinkaloledwa kupitirira mamailosi 20 pa ola. Injini inkakhala m'kabini momwemo pambali pa dalaivala, ndipo ankaifunditsa mabulangete kuti phokoso lichepe. Malole ambiri analibe chotenthetsera, chiwongolero chinali cholimba chofuna mapewa, ndipo chikweza cha Shap pa msewu wa A6 chinkawagoneka panjira m'nyengo yachisanu. Katundu ankamufunditsa lona n'kumumanga ndi zingwe pamanja, kaya kuli mvula kaya mphepo. N'chifukwa chake Volvo F86 itafika cha m'ma 1967, limodzi ndi ma Scania, ya kabini yofunda ndi magiya osavuta, madalaivala sanachedwe kuikonda. Opanga malole a ku Britain anayamba kutha mmodzimmodzi: fakitale ya AEC ku Southall inatsekedwa mu 1979, Bedford inasiya malole akuluakulu mu 1986, Scammell ku Watford mu 1988, Foden mu 2006, ERF mu 2007. Atkinson yeniyeniyo, ya ku Walton-le-Dale pafupi ndi Preston, inagulidwa ndi Seddon mu 1970. Kwa inu zikutanthauza kuti kulibe sitolo ya kampani yokagulako zipangizo. Chilichonse chimachokera kwa anthu a m'makalabu, kwa akatswiri ochepa amene akukonzabe ma Gardner, kapena pa lole ina yophwasulidwa.

Tsopano pa lole mwaipezayo. Musanatsegule n'komwe chitseko, pemphani chikalata cha V5C, cha m'kaundula wa boma wa magalimoto, ndipo yerekezani nambala ya tchesisi yolembedwamo ndi imene ili pa loleyo. Chikalata chikasowa ndipo loleyo siikupezeka m'kaundula wa boma, pali njira ya fomu ya V765 yopezeranso nambala yake yoyamba kudzera m'kalabu yovomerezeka, koma pamafunika umboni wakale. Chaka chimene inapangidwa n'chofunika kwambiri. Lole yopangidwa chisanafike chaka cha 1960, ikamayenda yopanda katundu, siikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka. Borderer ndi ya pakati pa 1970 ndi 1975, choncho mayeso apachaka siiwathawa, ndipo imafuna laisensi ya C, kapena C+E ikakoka thelera. Popeza yadutsa zaka 40, mutha kuilembetsa m'gulu la magalimoto akale osalipira msonkho wa pamsewu, koma zikatero simungainyamulitse katundu wa ganyu. Ngati m'maganizo mwanu munali zoti izidzibwezera ndalama, ziiwaleni.

Chachiwiri ndi tchesisi. Tengani tochi, hamala yaing'ono ndi sikuludiraiva, mugone pansi. Gogodani mizati iwiri ikuluikulu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngwe, chowola chimalira bu n'kumagwetsa makoko. Malo oopsa ndi pamene pali zitsulo ziwiri zosanjikizana, makamaka pansi pa mbale yokolekera thelera ndi pamene masipuling'i agwira. Madzi amalowa pakati, dzimbiri limafufuma n'kukankha zitsulozo mpaka m'mphepete mwake mumaoneka ngati mwayasama. Mukaona zimenezo, dziwani kuti pafunika kuchotsa chilichonse pa tchesisi, kulekanitsa zitsulozo, kuzipala ndi mchenga, n'kumanganso. Lole imene yagona pa udzu imawola msanga kuposa yogona pa simenti.

Kabini ndiyo imanamiza anthu ambiri, ndipo apa tichedwapo. Kabini ya Borderer kunja kwake ndi faibagalasi, yosachita dzimbiri, koma mafupa ake m'kati ndi matabwa a mtengo wa ash. Imatha kuoneka yabwinobwino, koma ili ngati denga la malata atsopano pa milimo yodyedwa ndi chiswe. Tsegulani chitseko theka, muchigwire pansi n'kuchinyamula pang'ono. Chikamakwera ndi kutsika limodzi ndi mzati umene mahinjesi agwira, thabwalo latha. Bayani ndi sikuludiraiva m'munsi mwa mizati ya zitseko, pansi pa magalasi akutsogolo, ndi m'makona a kumbuyo pamene madzi a padenga amatsikira. Thabwa labwino limakana, lowola limalowetsa chitsulo ngati mbatata yophika, ndipo limanunkha chinyontho. Onaninso ming'alu yaing'onoing'ono pa faibagalasi pafupi ndi makona a magalasi: nthawi zambiri imasonyeza kuti mafupa akugwedezeka. Kukonza kwake n'kuchotsa zikopa zonse za kunja, kusema thabwa lililonse potengera lakale, n'kubwezeretsa. Ndi ntchito ya kalipentala wodekha, ya miyezi yambiri, ndipo siitheka panja. Magalasi awiri akutsogolo ndi okhota m'mbali ndipo amasowa, choncho ngati ndi osweka, muwafufuze kaye musanagwirizane mtengo.

Injini, imene anthu amaiopa kwambiri, kawirikawiri ndiyo imakhala ndi nkhani yabwino. Tsimikizani kaye kuti ndi iti, chifukwa ma Borderer ena anali ndi Cummins kapena Rolls-Royce. Gardner 6LXB ndi ya masilinda 6, malita 10.45, mahosipawa 180, ndipo imazungulira pang'onopang'ono, osapitirira 1,850 pa mphindi. Ya 8LXB, ya mahosipawa 240, simungaiphonye: ndi yaitali moti masilinda awiri omaliza amatulukira kumbuyo kwa kabini. Injinizi zinkapangidwa ku Patricroft pafupi ndi Manchester, ndipo eni malole ankazikonda chifukwa chosamwa dizilo ndi kukhalitsa.

Mwini famu akakuuzani kuti ingofunika batire basi, musavomere kuti ailize pompo. Yambani ndi kumasula pang'ono bawuti ya pansi yotulutsira oyilo. Madzi amakhala pansi pa oyilo, choncho ngati alowamo, ndiwo ayambe kudontha. Yang'anani m'mbali mwa buloko ngati muli mng'alu kapena mzere wa dzimbiri wotsika, chizindikiro chakuti madzi anaundana m'nyengo yozizira n'kuswa chitsulo. Kenako kwezani tizitsulo totsegula mavavu ngati tilipo, muzungulitse injini pamanja ndi mgwala kawiri kathunthu. Ikakakamira pena pake, lekani, musaikakamize ndi sitata. Pisitoni yomatirira, kapena madzi m'silinda, zimapinditsa ndodo ya pisitoni pakamphindi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kandodo ka m'pampu ya dizilo kamene kamawonjezera ndi kuchepetsa mafuta. Kayenera kuyenda momasuka uku ndi uku. Kakamatirira pamalo a mafuta ambiri, injini ikangolira imathamanga mosaletseka mpaka kudziphwanya. Choncho onani kuti kakuyenda, ndipo pakhale munthu ndi thabwa lophwatalala pafupi ndi polowera mpweya, wokonzeka kutsekapo. Asagwiritse dzanja kapena chiguduli, injini imameza. Dizilo wa m'thanki musamukhulupirire. Wamasiku ano ali ndi mafuta a zomera mpaka 7 peresenti, amakoka madzi, ndipo akagona amachita matope akuda otseka masefa. Ikani masefa atsopano, mukokere dizilo woyera m'chigubu, mutulutse mpweya m'mapaipi. Pampu ya Gardner ili ndi kachitsulo kopopera pa silinda iliyonse, ndipo mukamakakoka mumamva nozo ikulira kuti kwi ikamapopera bwino. Magetsi ndi a mavoti 24, mabatire awiri a 12 olumikizidwa motsatizana. Dinani batani lowonjezera mafuta poyambira kozizira, ndipo mankhwala opopera a ether muwasiye.

Ikalira, maso pa geji ya oyilo. Iyenera kukwera m'masekondi ochepa n'kukhazikika cha pa 35 psi. Ikapanda kukwera, zimitsani. Utsi woyera wochuluka, wowawa m'maso, usakuopseni: Gardner yozizira imatero, ndipo umatha injini ikatentha ndi kugwira ntchito. Wodetsa nkhawa ndi utsi wabuluu wosatha, limodzi ndi mpweya wotuluka mwamphamvu pothirira oyilo. Pamenepo maring'i atha, kapena m'masilinda mwasalala chifukwa choiliza yoima nthawi yaitali. Eni ake ambiri amaganiza kuti akuisamala poiliza mphindi khumi mwezi uliwonse, pamene akuiwononga.

Giyabokosi ikhoza kukhala David Brown ya magiya 6 kapena Fuller. Zonsezi zimafuna kuponda kilatchi kawiri ndi kumvetsera injini posintha, choncho kukhuluza magiya masiku oyamba si umboni wakuti yawonongeka. Ingoonani oyilo wake ngati alibe madzi kapena tizidutswa ta chitsulo.

Pa mabuleki musanyengerere chilichonse. Mathanki a mpweya amawola kuyambira m'kati, pansi pamene madzi amakhala. Tsegulani potayira madzi: mukatuluka madzi ofiira kapena oyilo, thanki ndi kompuresa zonse n'zokayikitsa. Mapaipi a labala ndi timalabala ta m'zitini za mabuleki zisinthidwe zonse, ngakhale zikuoneka bwino. Nsapato za mabuleki za nthawi imeneyo zili ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo, choncho fumbi la m'madiramu musalipemerere ndi mpweya. Linyowetseni, muvale chotseka pamphuno, mulipukute. Manati a mawilo a kumanzere pa malole ambiri akale a ku Britain amamasuka mozungulira chakumanja, ndipo ambiri athyola mabawuti posadziwa zimenezi. Ngati marimu ndi a mphete yochotseka, musawapope nokha pabwalo. Mpheteyo ikafwamphuka imapha munthu, ndiye apite nawo kwa a matayala amene ali ndi khola lopoperamo. Lamulo la 2021 loletsa matayala opitirira zaka 10 kutsogolo kwa malole limapatula malole a zaka 40 osachita malonda, komabe tayala lakale n'lakale, gulani atsopano. Masipanala anu a mamilimita sakwana pa manati ambiri, mudzafunika a mainchesi ndi a muyezo wakale wa ku Britain wa Whitworth. Ndipo tsiku loichotsa pafamupo, ikwere pa thelera yonyamulira magalimoto, isayende yokha ngakhale mtunda ukhale waufupi.

Za penti zibwere pomaliza, ngakhale tikudziwa kuti mtima uli pamenepo. Ife timaona kuti lole ivale mitundu ya kampani imene inaigwiritsadi ntchito, osati ya kampani yotchuka imene sinaikhudzepo. Tengani sandipepa wosalala ndi madzi, mupale pang'onopang'ono pachitseko ndi pa chikwangwani cha pamwamba pa magalasi. Nthawi zambiri zilembo zakale zimatulukira pansi pa penti wa pamwamba, nthawi zina mayina awiri kapena atatu osanjikizana. Jambulani chithunzi chilichonse musanapitirire. Nambala ya lole ndi ya tchesisi muzipereke kwa anthu a Historic Commercial Vehicle Society, amene amakonza ulendo wa malole akale wopita ku Brighton, chifukwa pakati pawo pamapezeka osunga zithunzi ndi mndandanda wa malole a makampani akale. Ngati kampaniyo ikadalipo, pemphani chilolezo musanalembe dzina lawo. Zilembo zikhale za burashi, zolembedwa ndi mmisiri wake. Zomata zapulasitiki pa Atkinson zimaonekera patali.

Ndiye muigule? Ngati mapepala alipo, tchesisi ikulira bwino, matabwa a kabini akukana sikuludiraiva ndipo muli ndi shedi yotalika mokwanira, igulani, ngakhale injini itakhala yofuna ntchito. Ngati matabwa awola ndipo ikagona panja, isiyeni, kaya Gardner yake ikulira mokoma bwanji. Zikatero yang'anani ERF ya B series, imene mafupa a kabini yake ndi achitsulo chotheka kuwotcherera, kapena Bedford TK, imene inapangidwa yambirimbiri kuyambira cha m'ma 1960 ndipo zipangizo zake sizisowa kwambiri. Popita kukaionanso, tengani munthu wa m'kalabu amene anaphwasulapo kabini ya Atkinson, ndipo mupite tsiku lopanda mvula kuti muthe kugona pansi pake.