Msuweni wafunsa za pulogalamu yopangira logo

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona. Ndingoyankha ndi mawu, zala zatopa. Wafunsa kuti, "Kodi ma logo ako umapangira pulogalamu yanji?" Hmm. Iwe? Iwe amene chithunzi chako cha pa WhatsApp sichinasinthe kuyambira nthawi ya nkhani ya njinga ija? (akuseka) Ayi, ndakutulukira. Si logo imene ukufuna. Ukufuna kusiya ntchito. Ndinakuona tsiku lija ukusuzumira pa laputopu yanga, khosi lili nyomi, kwinaku ukunamizira kufuna chaja.

Chabwino, pulogalamu. Ine ndimagwiritsa ntchito Illustrator ya Adobe, yolipira mwezi ndi mwezi. Ukafuna yaulere pali Inkscape. Canva nayonso ilipo, inabwera mu 2013 ndipo lero aliyense ali nayo, ngakhale azakhali. Basi, funso lako latha.

Koma dikira... ukuwakumbukira amalume aang'ono? Bambo ako aang'ono aja, eya, a makwerero, olemba zikwangwani aja. Unali wamng'ono iwe, mwina umangokumbukira fungo la penti. Ine ndiye ndinkawanyamulira zitini. Munthu uja sanagwirepo kompyuta moyo wake wonse, koma zilembo ankazidziwa kuposa ife tonse a ma font mazanamazana, mitundu ya zilembo ya pa kompyuta ija. Ankapaka choko pa chingwe, ine ndigwire uku iwo uko, n'kuchikoka, thwaa, mzere pakhoma. Akajambula zilembo ndi pensulo... ayi, ndanama, ndi choko chomwecho, ankatsika, kuwoloka msewu, kukaima kutsidya manja ali m'chiuno. Phee. Ine padzuwa ndi burashi. Akabwera amafufuta chilembo chimodzi n'kuchisuntha pang'ono chabe, mwina ngati m'lifupi mwa chala. Ndikafunsa amati A akayandikana ndi V pamatsala mpata waukulu, uziwakankhira pamodzi. O ankamulemba wopitirira mzere pang'ono, pamwamba ndi pansi, akuti ukamuyeza ndendende amaoneka wamng'ono pakati pa anzake. Ndinadzazipeza m'maphunziro patapita zaka, zili ndi mayina ake achingerezi, anthu akuzilemba m'makope ngati zachilendo. Ine ndinangoti, ha, izi ndiye za amalume.

Ndiye tsiku lina kunabwera bambo wina wa sitolo. Akufuna dzina, nambala ya foni, ndi katundu yense amene amagulitsa, zonse pachikwangwani chimodzi. Amalume akuti, "Bambo, munthu wodutsa pa liwiro awerenga mawu angati?" Anakangana mpaka anatsala ndi dzina ndi mzere umodzi pansi. Kenaka amalume anatulutsa kabuku kawo kaja, kokhala ndi mphira kaja, n'kulemba mawu onse, mitundu ya penti, ndi mtengo. Bambo aja anasaina, napereka theka la ndalama. Pamenepo m'pamene anatsegula chitini. Asanalandire theka, chitini sichinkatsegulidwa, ngakhale utakhala m'bale. Funsa bambo ako za chitseko chija, akuuza. Kapena usawafunse. (akuseka)

Ntchito inatha, penti yauma bwinobwino. M'mawa mwake bambo aja ndi awa, akazi awo ali pambuyo. Akuti dzina silinawasangalatse mayi, pawonjezeredwe dzina la mwana, ndipo chofiira chija chikhale chobiriwira. "Ndi pang'ono pokha, amisiri." Ine mtima uli phaphapha, ndikuti lero kuli ndewu. Amalume sanakweze mawu. Anapukuta manja, kutulutsa kabuku, kutsegula pa tsamba lija, kuwaonetsa siginecha yawo. Kenaka anatembenuza tsamba, loyera, n'kufunsa kuti, "Ntchito yatsopanoyi tiyambe liti?" Anthu aja analipira kawiri, ndipo chaka chotsatira anabweranso ndi mnzawo.

Ndimati chiyani kodi... eya. Makasitomala anga ndi omwewo, msuweni, angosintha zovala. Wa saluni, wosoka, wokonza mafoni. Umutumizira logo, akuti yabwino. Usiku akuti mlamu wake waiona, akuti zilembo zikule. Mawa akufuna Comic Sans chifukwa ndi "yansangala". Font imene ija anaipanga Vincent Connare ku Microsoft mu 1994, poganizira timawu ta zidole za pa kompyuta, koma munthu akuifuna pa chikwangwani cha ofesi yowerengera ndalama. Umufotokozera, amva, kenaka akuti tiyese buluu. Pa kompyuta penti siuma, ndiye amaganiza kuti kusintha n'kwaulere. Apa m'pamene anthu amathera. Amene ndawaona akubwerera kukapempha ntchito yolembedwa, ambiri kujambula ankatha. Chinawagwetsa n'kugwira milungu itatu pa ndalama ya masiku awiri.

Ndiye chimene ukufunika kuphunzira choyamba ndi kabuku ka amalume. Theka la ndalama usanatsegule laputopu. Mulembe kuti kusintha ndi kawiri, kachitatu ndi mtengo wina. Mulembenso chimene adzalandire: fayilo ya vector, SVG kapena PDF, imene ikhoza kukula mpaka pakhoma osaphwanyika, ndi PNG ya pa Facebook. Fayilo yeniyeniyo uzipereka ndalama yomaliza ikalowa, asanamalize azingoona kachithunzi kakang'ono. Umuuziretu kuti mtundu wa pa foni ndi wa pa pepala sufanana, foni imawala ndi RGB, makina osindikizira amathira inki ya CMYK, buluu wowala uja amatuluka wozimirira. Ukapanda kunena, mlandu ndi wako. Font nayonso uziona chilolezo chake, za pa Google Fonts ndi zaulere ngakhale pa malonda, zina ayi.

Ndipo usamvere zoti "ndipangire motchipa, bizinesi ikakula ndidzakukumbukira". Ndikudziwa undiuza za Nike. Inde, Carolyn Davidson anali wophunzira pamene anajambula chizindikiro chija mu 1971, analandira madola 35, ndipo mu 1983 kampani inadzamupatsa masheya ndi mphete. Nkhaniyo imatchuka chifukwa sizichitikachitika. Wa saluni wako sadzabwera ndi mphete.

Ndiye... pulogalamu tenga iliyonse, Inkscape yomweyo yakwana. Theka patsogolo, kusintha kawiri, zolembedwa. Ngakhale pa WhatsApp pomwepo, bola ayankhe kuti "ndavomera". Ntchito usasiye kaye, yamba madzulo ndi Loweruka, uone ngati ungathe kuuza munthu wamkulu kuti "apa muwonjezera ndalama" osagwetsa nkhope. Iwe ndimakudziwa, umachita manyazi ngakhale kufunsa chenji.

Wamva? Chitini chisatsegulidwe theka lisanalowe. Ndipo azakhali, ndikudziwa mukumvetsera, khadi lanu lija nalonso ndi ntchito. Msuweni, undiimbire madzulo, batire yatsala pang'ono.