Ine ndinakhalapo pampando umenewo

Achemwali, ndangowerenga zoti mukufuna kuima nawo pa chisankho cha komiti ya ma postdoc (ofufuza omaliza PhD amene amachita kafukufuku wa zaka zochepa pa yunivesite) kwanuko, ndasiya ndi nsima yomwe. Onse akukuuzani kuti "imani basi, zikongoletsa CV" muwafunse kaye ngati anakhalapo pampandowo. Ine ndinakhalapo, chaka chonse cha 2023, pa yunivesite ina kuno ku Joni. Dzina sinditchula, mukudziwa nokha kuchepa kwa dziko lathu la kafukufukuli, amene wakulakwira lero ndi yemweyo mawa akuwerenga pempho lako la grant, ndalama za kafukufuku.

Kulowa kwake sikunavute n'komwe. Msonkhano wa pachaka, anthu ochepa, ambiri atabwerera pizza. Atafunsa wofuna upampando aliyense maso pa foni. Wina anangoti uyu amalankhula bwino, manja m'mwamba, basi ndapambana. Ndinaimbira amayi kumudzi usiku womwewo kuwauza kuti mwana wanu ndi wapampando. Ndikakumbukira ndimadziseka.

Inu muli ku UK, kumeneko postdoc ndi wantchito, ali ndi kontrakiti, amadulidwa msonkho ndi penshoni. Kuno ayi. Kuno postdoc si wantchito, si mwana wa sukulu, ali pakatikati ngati mleme. Ndalama imene amatipatsa ndi fellowship, sadula msonkho, zomwe zimakoma kumva tsiku loyamba, koma tanthauzo lake n'lakuti palibe UIF (inshuwalansi ya boma ya amene ntchito yawathera), palibe penshoni, ndipo zikavuta sungathamangire ku malamulo a ntchito. Chaka chikatha amaona kaye ngati akuwonjezere china. Ndipo chimene amawerenga ndi mapepala a kafukufuku amene watulutsa, chifukwa boma kudzera ku DHET, dipatimenti yake ya maphunziro apamwamba, limapatsa yunivesite ndalama pa pepala lililonse lotuluka m'magazini ovomerezeka. Ndiye postdoc ndi nkhuku yoikira mazira. Ikayamba kulira m'malo moikira, mukudziwa kumene imathera.

Miyezi yoyamba zinali zabwinobwino, ma workshop a kalembedwe ka grant, ka braai ka mu Seputembala pa sabata yoyamikira ma postdoc ija, zithunzi pa Facebook. Akuluakulu ankatikonda kwambiri nthawi imeneyo. Komiti yokonza maphwando palibe amadana nayo.

Zinasintha mu Okutobala. Ndalama za gulu lina la ife sizinalowe. Ati mafomu akakamira penapake. Sabata, masabata awiri, mwezi. Novembala nayenso zii. Foni yanga inasanduka ofesi ya madandaulo, mauthenga a WhatsApp mpaka 2 koloko usiku. Mayi wina wa mwana wa miyezi ingapo anapeza mwini nyumba wasintha loko, anagona masiku atatu pa sofa wanga, ine pansi. Ine mwini ndinali m'gulu lomwelo losalandira. Ndipo ndi mwezi womwe uja kwathu Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, feteleza kukwera, mvula ili pafupi, amayi akuimba kuti mwananga tumiza ya matumba awiri okha pa Mukuru. Abale kumudzi akuti amene muli kunja mwalemera tsopano, randi yanenepa. Randi yake iti? Ndinkadya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, dokotala wathunthu.

Tinapempha malo pa msonkhano wa komiti yaikulu ya kafukufuku, anatipatsa mphindi khumi. Madzulo ake tinakumana tonse asanu ndi awiri a m'komiti yathu, tinagawana zonena. Ine ndiyambe ndi chiwerengero cha osalandira, wachiwiri wanga anene za ma visa, poti ambiri tinali alendo ndipo mapepala athu okhalira m'dziko amadalira kalata ya yunivesite, msungichuma anene pempho lathu loti pakhale kathumba kobwereketsa anthu zikachedwa chonchi. Tinagwirana manja. Wachiwiri wanga uja ndiye anali wotentha kuposa tonse, akumenya tebulo kuti mawa aona.

Mawa lake tinafika atatu. Ena mwana wadwala, ena ali ndi experiment yosasiyika. Ndikulowa m'chipindamo, tebulo lalitali, mabisiketi pakati, ndikuona PI wanga, bwana wa labu yathu, wakhala moyang'anizana ndi mpando wanga. Sindinkadziwa kuti ali m'komiti imeneyo, anali atangolowa m'malo mwa wina. Anandiyang'ana kamodzi, kenako n'kuyamba kuseweretsa cholembera, thi, thi, thi. Phokoso limenelo mpaka lero ndimalimva. Ndangoyamba kulankhula, silaidi yachiwiri, magetsi thii, load shedding, chaka chija inafika poipa. Jenereta inachedwa kuyaka. Ndinapitiriza mumdima womwewo kuwerenga pa foni, batire ili pa 9 peresenti, mawu akunjenjemera, thukuta lili kamukamu m'jekete yobwereka. Ndinanena za mayi wa mwana uja. Ndinanena kuti si chilungamo kutiwerengera mapepala pamene lendi sitinalipire. Mwina ndinakweza mawu, sindikana.

Nditamaliza, bwana wamkulu wa kafukufuku anavula magalasi n'kufunsa modekha ngati awa ndi maganizo a bungwe lonse. Ndinatembenukira kwa wachiwiri wanga kuti ayambe gawo lake. Munthu uja, amene dzulo lake ankamenya tebulo, anakonza tayi n'kunena kuti nkhawa zilipodi, koma kalankhulidweka ndi ka wapampando payekha, komiti sinagwirizane kuti zifike pamenepa. Abale anga. Ndinangoti kakasi. Msungichuma maso pa mabisiketi. Kenako bwana uja anandikumbutsa kuti tinasaina tokha kuti sitili antchito, n'kufunsa, pamaso pa anthu onse aja, kuti chaka chino ndatulutsa mapepala angati. Ndinali ndi limodzi, nalonso likadali kwa ma reviewer, ounika lisanatuluke. PI wanga sanatsegule pakamwa. Cholembera chokha, thi, thi. Magetsi anayaka nthawi yomweyo, silaidi yanga n'kubwerera pakhoma, mutu wake wa zilembo zikuluzikulu wofunsa kuti tidya chiyani. Wina anaseka. Ndinakalirira ku bafa ya pansi, kenako n'kubwerera ku labu kukasintha ma sample mufiriji ngati palibe chachitika.

Patapita masiku awiri PI anandiitana. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anati anandiitana kuchokera ku Malawi kuti ndidzalembe, osati kudzachita ndale, ndipo ndamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Mu Januwale kalata inabwera yoti ndalama zowonjezerera chaka changa palibe. Mnzanga amene tinalowa limodzi, wa pepala limodzi ngati ine, anamuwonjezera. Ndingatsimikize kuti chifukwa chake ndi msonkhano uja? Ayi, ndipo amadziwa kuti sindingathe, ndiye kukoma kwa kontrakiti ya chaka chimodzi kumeneko, sakuchotsa, amangosiya kukuitana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si PI. Iye anateteza zake, sanandilonjeze kanthu. Ndi njoka ija ya tayi. Ndalama zinalowa patangopita sabata chichitikireni msonkhano, kathumba kobwereketsa kaja anakakhazikitsa chaka chotsatira, iye ali wapampando. Ndinaona pa LinkedIn akulemba kuti anatsogolera nkhondo yomenyera ufulu wa ma postdoc, anthu akumuwombera m'manja, ngakhale amene anagona pa sofa wanga anayika ka mtima. Ndinatseka laputopu n'kupita kukayenda, mvula ikugwa. Ngati ukuwerenga izi, ukudzidziwa.

Ndiye langizo langa n'lakuti musaime. Lembani mapepala anu. Pa interview ya ulekichara amayamba kuwerenga mapepala ndi ma grant, za komiti zimabwera kumapeto ngati ndiwo zamasamba. Nthawi ya postdoc ndi yaifupi, ndipo ma fellowship ambiri amawerenga zaka kuchokera pamene munamaliza PhD, chaka chimene mwathera pa maimelo a komiti sichibwerera.

Koma ngati mtima wakana, poti ndikukudziwani Amalawi ophunzira, tikamva mpando sitigona, chitani zimene ine sindinachite. PI wanu avomere pa imelo, osati m'khonde mukudutsana. Kwanuko muli ndi pogwira, Concordat ya ofufuza (pangano la mmene mayunivesite azisamalirira ofufuza awo) imene anaikonzanso mu 2019 imati mayunivesite amene anasaina azipereka masiku osachepera 10 pachaka oti wofufuza adzitukule, ndiye mulembe kuti ntchito ya komiti ikulowa m'masiku amenewo, iye ayankhe kuti inde, imeloyo muisunge kunja kwa akaunti ya ntchito. Fufuzani mayina a onse okhala m'makomiti amene muzikalankhulamo, ndipo muzifufuzanso m'mawa wa tsiku la msonkhano. Chilichonse chowawa chimene mukanene kwa akuluakulu chikhale pa pepala, komiti yonse itasaina, maminitsi atatumizidwa kwa onse. Kugwirana manja usiku si umboni.

Ndipo musasokoneze bungwe la ma postdoc ndi union. Bungweli nthawi zambiri ndalama zake, chipinda chake, ngakhale pizza, zimachokera ku ofesi yomweyo imene mukufuna kukaidzudzula. Likhoza kupempha, silingakakamize. Ku America kuli National Postdoctoral Association kuyambira 2003, imalankhula ndithu, koma ku University of California malipiro anasuntha mu 2022 pamene anthu pafupifupi 48,000, ma postdoc ali momwemo, ananyanyala ntchito pansi pa union ya UAW. Inu kwanuko muli ndi UCU, union ya ogwira ntchito m'mayunivesite. Nkhani ya ndalama ndi makontrakiti muzikankhira kumeneko, ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi kukangana, ndipo visa yawo siili m'manja mwa amene akukangana naye. Yanu ili m'manja mwa ndani? Mzungu wa m'komiti akachotsedwa amapita kwa amayi ake pa sitima. Inu mumakwera ndege ya ku Chileka.

Mpando wake, ndinkafuna kunena kuti tengani ulembi kapena wokonza ma workshop, kopanda nkhonya. Koma ayi, ndanama. Mlembi ndiye bulu wa komiti, amalemba zonse, dzina limatchuka la wina. Ngati mukulowa lowani upampando womwewo, mutu ukakula sulewa nkhonya, bola mukhale awiri, ndipo mnzanuyo mumuone kaye pamene zinthu zavuta, osati pa braai.

Ndinenenso ichi, ngakhale chikundiwawa kuvomera. Ntchito imene ndili nayo panoyi ndinaipeza chifukwa cha chaka chomwe chija. Nditakhala miyezi isanu ndikudya za mlamu wanga, pa interview anandifunsa ngati ndinayendetsapo bajeti ndi kutsogolera anthu amene sindiwalipira. Anzanga opikisana nawo anali ndi mapepala ambiri kuposa ine, koma funso limenelo ine ndinali ndi nkhani yeniyeni. Ndipo kalata yondichitira umboni analemba pulofesa wina wachizimayi amene anakhala kumapeto kwa tebulo lija osanena kanthu tsiku lonse. Anandilembera yekha, ine osamupempha, ati anaona zonse. Bwanji sanalankhule pomwepo, sindinamufunse, ndinkafuna kalatayo.

Tandiuzani kaye, kontrakiti yanu yatsala miyezi ingati? Ngati sikukwana chaka ndi theka, zonse ndanena za upampandozi muiwale.