Dzina lalitali lija la Sokratis

Eee, moni nonse pagulu pano. Ndikuyankha iwe mphwanga. Wafunsa za Mgiriki uja ankatchinga kumbuyo ku Arsenal kuyambira 2018 mpaka 2021, amene kumsana kwa jezi ankangomulemba Sokratis, kuti dzina la makolo ake ndi liti, nanga limatanthauza chiyani. Ndajambula mawu chifukwa kulemba kukanatalika.

Dzinalo ndi Papastathopoulos. Zilembo 16! Koma usaliope, ulidule patatu ngati nzimbe: Papa, Statho, poulos.

Papa uja akuchokera ku papas, ndiye wansembe m'Chigiriki. Statho ndi Stathis, chidule cha Efstathios, kutanthauza munthu wokhazikika, wosagwedezeka. Poulos ndi mwana kapena mbadwa. Ukalumikiza, ndi mwana wa wansembe Stathis. Kunali munthu kalekale, pamudzi pake ankamuitana Papa-Stathis, ana ake n'kumatchedwa ana a Papa-Stathis, mpaka linakakamira mtundu wonse.

Ndikudziwa agogo ako akamva zoti wansembe anali ndi ana adzidzimuka. Amayi, musadabwe, kumeneko mpingo ndi wa Orthodox. Mwamuna amaloledwa kukwatira asanadzozedwe unsembe, n'kumatumikira ali ndi banja lake. Koma mabishopu sakhala ndi akazi. Ndiye mudzi uliwonse unali ndi ana a wansembe. N'chifukwa chake dzina lofala kwambiri ku Greece ndi Papadopoulos, mwana wa wansembe basi, osatchula kuti wansembe uti. Msilikali amene analanda boma pa 21 Epulo 1967 anali Georgios Papadopoulos, pulezidenti wa Cyprus wa 2003 mpaka 2008 anali Tassos Papadopoulos, koma dzina lokhalo silikutanthauza chibale ayi.

Chimene chimandikoma mtima ine ndi poulos uja. Muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti pullus, kamwana ka chiweto, makamaka mwanapiye. Tangoganiza, chimunthu chonse chija, ndevu zili bii, dzina lake likumutchula kamwanapiye ka wansembe.

Mchira wa dzinawo umaululanso kwawo kwa munthu. Poulos ndi wa ku Peloponnese, kummwera kwa dzikolo, ndipo Sokratis anabadwiradi konko, ku Kalamata, mu 1988. Ukamva akis, ngati Mitsotakis, ganiza za chilumba cha Crete. Atos ndi wa ku chilumba cha Kefalonia. Idis amamveka kwambiri m'mabanja ochokera ku Pontus ndi madera ena amene lero ali mu Turkey, ambiri anasamukira ku Greece maiko awiriwa atasinthana anthu mu 1923. Si lamulo lokhwima, anthu anayenda, ena atafika ku America analidula n'kungotsala Pappas.

Ooh, ndikanaiwala. Mwana wamkazi wa m'banja limenelo satchedwa Papastathopoulos, amakhala Papastathopoulou, ngati kunena kuti wa kwa Papastathopoulos, monga ife timasiyanitsira a Phiri ndi a Naphiri. Chabwino, ndisiyire pomwepa, uwaseweretsere agogo ako amve okha.