Reki yakale ndi udzu wofutsa: mayankho kwa alimi a ng'ombe zamkaka

Mvula ikamalekeza m'mwezi wa Epulo, mlimi wa ng'ombe zamkaka amayamba kuganizira za chilimwe, nyengo imene msipu umauma ndipo mkaka umatsika. Funso loyamba lachokera kwa wapampando wa gulu lina la alimi ku Thyolo. Iwo akuti gulu lawo linagula thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135 pamodzi ndi reki yosonkhanitsira udzu wodula m'mizere, ya mawilo anayi okhala ndi mano m'mbali, kuchokera ku esiteti ina imene inkagulitsa katundu wake. Chaka chatha anafutsa udzu wa Rhodes, koma ng'ombe zinkangoununkhiza n'kuusiya, ndipo m'chodyera munkatsala dothi. Akufunsa ngati vuto ndi ukalamba wa makinawo, komanso ngati kuli bwino kungowagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha.

Bambo wapampando, chonde musagulitse. Thirakitala imeneyo inkapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ndipo injini yake ya dizilo ya Perkins, ya masilinda atatu, ili ndi mphamvu yoposa imene reki imafuna. Reki yanuyo ndi ya mtundu umene abale a banja la van der Lely a ku Netherlands anatulukira mu 1948, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Vicon Acrobat. Ilibe giya, ilibe lamba, ndipo siilumikizidwa ku shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala. Mawilo ake amazungulira okha chifukwa mano amakhudza udzu ndi zitsa zake pamene thirakitala ikuyenda, n'chifukwa chake imakhalitsa zaka zambiri osafuna makaniko. Koma pamenepo ndi pamenenso pabisala vuto lanu, pakuti woyendetsa akaona kuti wilo lina likuzengereza, amatsitsa reki kuti igwire pansi mwamphamvu, ndiye mano amayamba kukanda nthaka n'kuponyera dothi, timiyala ndi ndowe zouma mumzere wa udzu. Ng'ombe imamva fungo la fumbi msanga kuposa ife, ndipo dothi limene imeza limatenga malo a chakudya m'mimba popanda kupereka mkaka ndi dontho lomwe.

Kukonza kwake kumayambira pa kudula. Siyani zitsa za udzu zotalika ngati kupingasa kwa zala zinayi, pafupifupi masentimita 8 mpaka 10, kuti udzu wodulidwa ugone pamwamba pa zitsazo, mphepo izidutsa pansi, ndiponso mano apeze chogwira popanda kufika panthaka. Kenako imikani reki pamalo athyathyathya ndi kumanga masipuling'i ake mpaka wilo lililonse lizingokhudza pang'ono, moti mukalinyamula ndi dzanja limodzi lizikwera mosavuta. Yendani mamita 20, imani, tsikani mukaone kumbuyo. Mukapeza mikwasa ya mano padothi, kapena ngati kumbuyo kumafuka fumbi, kwezaninso. Kuli bwino kusiya timaudzu tochepa m'munda, timene ana angatole ndi reki yapamanja madzulo, kusiyana ndi kuipitsa mabelo onse, mitolo ija ya udzu womanga. Pamene pali chulu, chitsa cha mtengo kapena dothi lofukulidwa ndi mfuko, zikanipo ndodo musanayambe ntchito kuti woyendetsa alambalale.

Pali chinthu china chimene simunafunse, koma ine chimandidetsa nkhawa kuposa dothi. Mano a reki yakale amatopa ndipo amathyoka, ndipo chidutswa chikagwera mumzere chimamangidwa m'belo. Ng'ombe siisankha chakudya monga mbuzi, imangokokota ndi lilime n'kumeza. Chitsulo choterocho chimakatsakamira m'chifu chachiwiri, chija chooneka ngati zisa za njuchi, chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima, ndipo chikaboola ng'ombe imasiya kudya, imabuula, imayenda itapinda msana, mwinanso kufa kumene. Choncho werengani mano a wilo lililonse musanalowe m'munda, muwerengenso potuluka, ndipo limodzi likasowa lifuneni mpaka lipezeke udzu usanamangidwe. Dzino lothyoka musaliwotcherere, chifukwa chitsulo cha sipuling'i chikapsa ndi moto chimafooka ndipo chimathyokanso pambali pa powotcherapo. Lichotseni, muikepo lina.

Mayi wina wa ku Chiradzulu akufunsa tsiku ndi ola loyenera kusonkhanitsa udzu, poti kwawo chiperoni chimabwera mosalonjera. Mayi, udzu umene wangodulidwa kumene umakhala ndi madzi pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 aliwonse, ndipo kuti usungike bwino afunika kutsika kufika pafupifupi magawo 15. Reki ilowe pakati pa ulendowo, pamene udzu wapamwamba wafota ndipo ukuyamba kuchita phokoso, koma wapansi ukadali ndi kachinyezi. Dzuwa likakhala labwino, zimenezi zimachitika tsiku lotsatira kudula. Dikirani mame aume, koma musadikire dzuwa la masana, popeza udzu ukauma gwa masamba amathothoka mano akangowakhudza, ndipo chakudya chenicheni chomanga thupi ndi chobweretsa mkaka chili m'masambamo, osati m'mapesi. Pa chifukwa chomwechi sindilangiza kugwiritsa ntchito reki pa masangwi a mtedza ouma. Amenewo anyamuleni ndi manja m'mamawa akadali ofewa.

Kunena za chiperoni, chimene chimavutitsa madera a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kuyambira mu Meyi, njira yake ndi kuchita changu ndi kudula pang'onopang'ono. Udzu wa Rhodes udulidwe ukangoyamba kutulutsa ngayaye, usanakhwime mbewu, ndipo dulani gawo lokhalo limene mungathe kulowetsa m'shedi pa masiku atatu. Mizere ikhale yaing'ono ndi yotakasuka. Reki ya mawilo imakonda kupota udzu ngati chingwe, makamaka udzu ukakhala wautali ndi wochuluka, ndipo mkati mwa chingwe chotere simuuma ngakhale kunja kuoneke bwino. Mukaona zimenezo chepetsani kukula kwa mpata umene reki ikutenga, ndipo yendani liwiro lokhazikika, loposa pang'ono munthu woyenda mwandawala. Mzere ukanyowa ndi mvula, dikirani pamwamba paume, kenako mudutse ndi wilo limodzi kapena awiri akumapeto kuti mzerewo utembenukire pouma. Pamalo otsetsereka samalani kwambiri, chifukwa mathirakitala ambiri a zaka zimenezo alibe chitsulo chotchinjiriza woyendetsa ikagubuduka. Musakhote mwadzidzidzi, ndipo musalole mwana kapena wina aliyense kukwera pambali.

Bambo wina wa ku Mzimba wapeza reki ya mtundu wina m'shedi yakale ya pamishoni. Ili ndi mawilo awiri akuluakulu achitsulo, mpando pakati, ndi mano aatali opindika kumbuyo, ndipo akufunsa ngati ng'ombe zake zapangolo zingaikoke. Zingathe ndithu, bambo. Reki imeneyo inapangidwira kavalo mmodzi, choncho mitengo iwiri imene kavalo ankalowa pakati pake muichotse, muikepo mtengo umodzi wolimba wofika pagoli, monga wa ngolo. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kosiyana: mano amakokera udzu mpaka utadzaza, ndipo wokhala pampando amaponda chitsulo chimene chimakweza mano kuti udzu utsale. Luso lake ndi kutaya udzu molunjika ndi mulu umene munasiya paulendo wapitawo, kuti milu ilumikizane n'kupanga mizere yopingasa munda. Ng'ombe zimadzidzimuka ndi kulira kwa mano akamagwa, ndiye ziyambeni mwaziyendetsa pabwalo popanda udzu, ndipo nthawi zonse pakhale munthu wozitsogolera, poti wokhala pampando wa rekiyo akagwa amagwera kutsogolo kwa manowo. Mukafuna kuikoka ndi thirakitala, musapitirire liwiro la ng'ombe, chifukwa mawilo ake sanapangidwire kuthamanga. Pakani girizi m'mitu ya mawilo m'mawa uliwonse.

Nonse atatu mudzafika pa funso limodzi, loti udzu wauma mokwanira kapena ayi. Tengani udzu wodzaza dzanja kuchokera pansi pa mzere, muupotole mwamphamvu. Ukathyoka pang'ono popanda kusiya chinyezi m'manja, wafika. Ngati mukukayika, duladulani pang'ono, muike m'botolo louma pamodzi ndi supuni ya mchere wouma, mukhutchumule kwa mphindi imodzi. Mcherewo ukagwirana kapena kumatirira kugalasi, upatseni udzuwo dzuwa lina. Udzu womangidwa wonyowa umachita chuku, umatentha mkati, ndipo mulu waukulu ungathe kuyaka wokha. Sanjikani mabelo pathandala lotalikirako pansi kuti chiswe ndi chinyezi zisafike, musiye mipata yodutsa mphepo, ndipo m'masabata atatu oyambirira muzilowetsa chitsulo chachitali pakati pa mulu, n'kuchisiya mphindi 15. Chikatuluka chofunda kwambiri, phwasulani muluwo muyanikenso mabelo. Chikatuluka chotentha chosagwirika ndi dzanja, musakwerepo. Tulutsani ng'ombe m'khola loyandikana nalo, itanani anzanu, ndipo madzi akhale pafupi musanasunthe belo ndi limodzi lomwe.